Dibochari ya a Luhanga

A Luhanga tinawaika m'manda mwezi wathawu, ndipo chiwaikireni palibenso munthu amene wandinyoza m'Chingerezi pano pa Bolero. Ndinkayesa ndidzapuma mkuluyu akadzatseka pakamwa. Kupuma ndapuma, koma ndi mpumulo wa pamsika tsiku la mvula: wakhala pansi, miyendo sikupweteka, komanso palibe chikuyenda.

Ine ndine Mbewe wa ku Dedza, wogulitsa kaunjika ndi tina ndi tina. Ndinafika kuno matipate atangoyamba, nthawi imene aliyense wa kamunda analoledwa kulima fodya wa bale, ine n'kumva fungo la ndalama ndili kwathu. Za ine zithere pomwepa. Chofunika n'chakuti benchi langa la majekete lili m'mbali mwa njira yochokera kwa a Luhanga kupita kutchalitchi, choncho zaka zonsezi mkuluyu sakanafika kwa Mulungu wake asanadutse kwa ine.

Anali mphunzitsi wamkulu wopuma pa ntchito, analinso mkulu wa mpingo. Kuno onse ankawatchula kuti aSambizgi, ndiye kuti aphunzitsi m'Chitumbuka. Chichewa ankachidziwa bwino poti anaphunzitsako ku Ntcheu boma lisanawabweze kwawo kuno, koma ankachilankhula ngati munthu akumwa mankhwala a malungo, kumeza chifukwa palibe kuchitira mwina. Chingerezi ndicho chinali shuga wawo. Ndipo m'Chingerezi monsemo munali mawu amodzi amene ankayenda nawo ngati ndodo, akuti debauchery. Ife apamsika tinkangoti dibochari.

Mawu amenewa ndi amene anawalekanitsa ndi mwana wawo wamwamuna mmodzi yekhayo, Wongani, ndipo mwanayo atamwalira ndi omwewonso anamumana nyimbo pamaliro. Nkhani ya a Luhanga ndi imeneyo. Koma ndiyambe ndi jekete.

Pa zaka zonse zimene tinadziwana, anandigula jekete limodzi basi. Analitembenuza kunja kukhala m'kati, anakoka ulusi wa mabatani, analinunkhiza m'khwapa.

"A Mbewe, jekete ili ndi la munthu wakufa?"

"ASambizgi, azungu safa ndi majekete abwino chonchi. Mwini wake anangonenepa."

"Ananenepa." Anagwedeza mutu ngati awerenga za ngozi m'nyuzi. "Ndiye kuti anali ndi lina. Kapena ena awiri. Thupi limodzi. Dibochari."

Kenako anayamba ulaliki wa mzungu wonenepayo, amene sanamuonepo, jekete lili m'manja. Ine ndine munthu amene ndinagulitsapo malaya a mkono umodzi waufupi n'kumuuza wogula kuti ndiyo fashoni ya ku Joni, koma tsiku limenelo ndinatsitsa mtengo mpaka pansi. Sikuti anandiposa kunenerera ayi. Makasitomala ena ankathawa ulalikiwo. Jekete limenelo ndi limene tawaika nalo.

Anali munthu wamtali, wowonda, wopesa mzere kumbali ngakhale tsitsi litatsala lowerengeka. Njinga yawo inali yaikulu kwa ine pobadwa. Shuga ankayeza pa supuni n'kusalaza pamwamba ndi mpeni. Masamba a tiyi akawaphika kamodzi ankawayanika pawindo kuti mawa agwirenso ntchito, moti akazi awo, aNyagondwe, ankati tiyi wa kunyumba kwawo anali madzi otentha ongomva mbiri ya tiyi.

Ndiye zinthu zimene zinali dibochari kwa iwo zinali zambiri. Ndiwo ziwiri pa chakudya chimodzi. Makushoni amene amayi anasokera mipando ya akulu a mpingo. Lawo analichotsa n'kukhala pa thabwa. Kiyibodi ya achinyamata a kwaya anakangana nayo mpaka inapsa yokha ndi batire, iwo n'kunena kuti pemphero limayankhidwa. Matipate anawavotera, anachita kulawirira pa mzere, koma ataona amayi akugubuduzana m'fumbi kulimbirana nsalu za zipani, anayamba kunena kuti ufulu tinaulandira ngati ndalama za fodya, zodyera mwezi umodzi.

Tsiku lina makasitomala atasowa ndinawaimitsa.

"Koma aSambizgi, mawu anuwa m'chilankhulo cha anthu ndiye kuti chiyani? Uchidakwa?"

"Yayi. Uchidakwa ndi wa pakhosi pokha."

"Chiwerewere?"

"Chimenecho n'cha kumunsi kwa lamba. Ndinadziwa kuti muthamangira komweko, a Mbewe."

"Ndiye kusakaza chuma."

"Zimenezo n'za m'thumba. Wosauka naye amatha kuchita dibochari ndi mbatata."

Ndiye anafotokoza, njinga ataiyedzamiritsa pa ntchafu. Anati ndi kupitiriza njala itatha. Munthu wadya, wakhuta, koma dzanja likubwererabe m'mbale. Kukoma sakukumvanso, akungoopa kuti akasiya aona mmene m'nyumba muliri zii. Anati mawuwa amagwira mowa, akazi, chakudya, zovala, chilichonse chimene munthu walephera kunena kuti basi. Nditatchula chitayiko, mawu a m'Baibulo lathu, anavomera pang'ono, koma anati ndi mawu osamba kwambiri, alibe fungo. Achingereziwo, akuti, ukawatchula bwino umamva fungo la m'bala m'mawa asanasese. Ndinafunsa kumene Angerezi anawatenga. Anandiyankha kuti zimenezo n'zosafunika kwa munthu wogulitsa zovala za akufa, n'kukwera njinga.

Wongani ndinamupeza ali ndi ndevu zoyamba. Sukulu inkamulowa movutikira, koma manja ake anali ndi nzeru zawozawo. Ankathawa m'kalasi kukakhala kwa mmisiri wina wa matabwa kuseri kwa chigayo, ndipo pamene bambo ake ankazindikira n'kuti iye akutha kale kupanga chitseko chotsekeka osachikankha ndi phewa. Amene analipo amati a Luhanga anafika pa njinga, sanakweze mawu. Anamulanda chopalira matabwa m'manja, anachipereka kwa mwini wake, n'kumuuza mmisiriyo kuti banja la Luhanga lagwira choko kuyambira nthawi ya amishoni, siliyamba lero kununkha utuchi. Wongani anabwerera kusukulu. Analephera mayeso, anabwereza, analepheranso. Mapeto ake bambo ake anamudulira munda kumunsi kwa mudzi, ndipo masiku amenewo munda unkatanthauza fodya.

Amene sanakhaleko kuno miyezi ya malonda a fodya sangamvetse. Munthu amayamba kuvutika pa nazale, kutunga madzi ndi keni dzuwa lili pamutu, kuwokera, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha, kudinda mabelo. Chaka chonse nsapato palibe, mkazi ndi ana manja ali bii ndi utomoni. Kenako mabelo apita ku okushoni ku Mzuzu, ndipo tsiku limodzi munthu yemwe uja ali ndi ndalama zimene agogo ake sanazilotepo. Mutu umazungulira. Ife amalonda miyezi imeneyo timaidziwa monga akhwangwala amadziwira tsiku lophera ng'ombe.

Wongani anali mlimi weniweni, tsamba lake loyera, losankhidwa bwino. Chaka choyamba anakhoma malata, anagulira mkazi wake, Nyamhango, makina osokera. Chaka chachiwiri anachedwako ku Mzuzu. Chachitatu abale anachita kukamusaka. Anayamba kuvala mawotchi awiri, dzanja lililonse yake, ndipo onse anagula kwa ine; yachiwiriyo ndinamuuza kuti ndi yothandiza inzake ikatopa. Tsiku lina anachita hayala matola yonse kuchokera ku boma, anakhala yekha kumbuyo pa matiresi atsopano, n'kumadutsa anthu oimika galimoto m'njira monse akuwabayibitsa. Panamvekanso za mkazi wina ku Mzuzu. Koma chimene chinafika m'makutu mwa bambo ake n'kukhazikika chinali cha pakhonde la botolo sitolo, pamene anavula nsapato masana anthu akuona n'kusambitsa mapazi ndi mowa wa m'mabotolo, akuti fumbi la ku Bolero silichoka ndi madzi.

Nkhani inafika ku bwalo la akulu a mpingo. Akulu ena ankazengereza, poti anali mwana wa aSambizgi. A Luhanga ndi amene anaimirira. Anayala mlandu wonse mwadongosolo ngati akuwerenga zotsatira za mayeso, anatchula mawu awo aja, n'kupempha kuti Wongani adulidwe mu mpingo. Anadulidwa. Lamulo lake kuno aliyense amalidziwa: wodulidwa sadya mgonero, ndipo akafa asanalape n'kubwerera, mpingo subwera pamaliro ake. Abusa salalikira, amayi savala zoyera zawo, nyimbo siziyimbidwa. Anthu amalira, amakumba, amakwirira, basi. Lamulo limeneli a Luhanga eni ake anali atalikhwimitsa kangapo pa ana a anzawo.

Madzulo ake Wongani anabwera pa benchi langa akuseka.

"A Mbewe, mwamva? Adada andichotsa kwa Mulungu m'Chingerezi. Ndikafika kumwamba ndikafunika womasulira kuti ndidziwe mlandu wanga."

Tinaseka tonse, koma maso ake anali ofiira, ndipo tsiku limenelo anali asanamwe.

Kuyambira pamenepo akakumana panjira, Wongani ankavula chipewa n'kupereka moni, bambo ake n'kuyankha kuti yewo osatsika pa njinga, monga umayankhira mlendo wofunsa njira. Zinakhala choncho zaka. Nyamhango anatopa, anatenga ana n'kubwerera kwawo ku Nchenachena. Malata aja anakhomoledwa n'kugulitsidwa limodzilimodzi.

Anthu akamakamba za kuuma mtima kwa a Luhanga amadumpha gawo limodzi, ndipo ine ndilinena. Wongani anabwerako komaliza ku Mzuzu atagona pakati pa matumba kumbuyo kwa matola, atatha ngati nsungwi. Anali matenda aja a zaka zimenezo, amene pamaliro tinkangoti anadwala nthawi yaitali. ANyagondwe anamulowetsa m'nyumba osapempha chilolezo kwa wina aliyense. Koma amene ankamusambitsa anali a Luhanga. Ankamumeta ndevu ndi lezala lawo, ankataya okha beseni, ankamutembenuza kuti msana usachite zilonda. Ndipo shuga wa m'phala la Wongani sankamusalaza ndi mpeni. Ndinaona ndi maso anga, masupuni odzaza.

Chokhacho, m'mawa uliwonse ankakhala pamphepete pa bedi ndi Baibulo n'kufunsa funso limodzimodzi. Tsiku lina ndinapita ndi malalanje n'kupezerera.

"Wongani, mwana wane, abusa ali pafupi pompa. Ndi mawu ochepa chabe. Unene kuti walapa, wazisiya."

"Adada, munandiphunzitsa kusanama."

"Eya."

"Ndiye ndinene chiyani? Nyamhango ndi ana ndinawalakwira, zimenezo ndikudziwa, zikundidya. Koma inu mukufuna ndinene kuti sizinkakoma. Zinkakoma, adada. Chomene. Chaka chonse ndinali bulu wa fodya. Milungu ija ya ku Mzuzu ndi yokhayo imene ndinkadzimva kuti ndilipo." Anapuma kaye, mpweya unkamuvuta. "Mutandidzutsa pano n'kundipatsa za mabelo m'manja, ndikwera matola ya m'mawa. Mukufuna abusa ndikawauze zina?"

A Luhanga anatseka Baibulo. Kenako anamufunsa ngati angamusendere lalanje.

Wongani anamwalira masana, sabata yomweyo. Abusa amene tinali nawo nthawiyo anali munthu wachinyamata, wongofika kumene, wa mtima wabwino. Anabwera kusiwa, anawatengera a Luhanga pambali, koma nyumba za kuno zilibe pambali, tonse tinamva.

"Adada, inu munali naye masiku onse. Mukandiuza kuti pamapeto analapa, ine sindifunsanso wina. Mawa tibwera ndi mpingo."

ANyagondwe anali atagwada pakhomo la chipinda, maso ali pa amuna awo. Sanalire, ankangoyembekeza.

"Abusa, ndinalipo," anatero a Luhanga. "Sanalape."

Patapita kanthawi aNyagondwe anandiitanitsa kuseri kwa khitchini. Anati, "A Mbewe, inu mumagulitsa chilichonse kwa aliyense. Kalankhuleni nawo. Mwana wanga asapite ngati mbuzi." Ndinapita. Ndinawapeza atakhala pa chitsa kuseri kwa nkhokwe, atavala jekete langa lija, manja ali pamawondo.

"ASambizgi, tisachite kutchula kuti mpingo. Amayi angoyimba m'nyumba muno, osavala zoyera."

"Amayiwo ndi a mpingo."

"Chabwino. Nyimbo imodzi yokha, panjira ya kumanda."

"Yayi."

"Vesi limodzi, motsitsa. Ndiyambitsa ineyo. Ine si mkulu wa mpingo, mawu anganso mukuwadziwa, palibe amene angakaikire umboni kuti inali nyimbo."

Anandiyang'ana. Maso awo anali ouma ngati a munthu amene sanagone mwezi.

"A Mbewe, ili si jekete."

Kenako anatchula mabanja amene ana awo anaikidwa chete chifukwa cha mawu a iwo a Luhanga m'bwalo la akulu. Anati mayi wina anawagwira miyendo pabwalo lomwelo la tchalitchi, iwo anakana. Anafunsa kuti mayi ameneyo mawa akamva nyimbo kwa Luhanga adzamuuza chiyani. Pa moyo wanga wonse wonenerera mitengo, ndi tsiku lokhalo limene ndinachoka osatsitsitsa ngakhale pang'ono.

Maliro osayimbira ndi chinthu chimene sindifunira ngakhale amene anandiberapo belo la zovala. Nyimbo zimabisa zambiri. Popanda nyimbo umamva mapazi a anthu m'fumbi, kupuma kwa onyamula, chingwe chikukhula bokosi, dothi loyamba likugwa pa thabwa. Bokosilo anapanga mmisiri uja wa kuseri kwa chigayo, atakalamba, ndipo anabwera nalo yekha pa ngolo osalankhula ndi munthu. Anzake a Wongani a kumowa anaima patali, zipewa zili m'manja. Manda anakumbidwa kumapeto kwenikweni, m'mbali mwa tchire, kutali ndi mzere wa ziliza za simenti kumene kunagona aziphunzitsi a banja la Luhanga.

Pobwerera, anthu tili mbuu m'kanjira, aNyagondwe anaima patsogolo pa amuna awo. Analankhula m'Chitumbuka, mosakweza, koma amene tinali pafupi tinamva. Anati mwana wawo ankaledzera mowa, ndipo mowa ukatha m'mutu ankadzuka n'kudziwa amayi ake. "Koma inu mwaledzera kulungama. Mwakhuta kalekale, dzanja likadali m'mbale."

Sanachoke pabanja. Anapitiriza kuwaphikira, kuwachapira, kuwasitira jekete. Koma mayi ameneyu, amene ankayambitsa nyimbo kumbali ya amayi kuyambira ine ndisanafike kuno, kuchokera tsiku limenelo sanatsegulenso pakamwa m'tchalitchi. Ankabwera, ankakhala pamalo pawo, nyimbo ikayamba ankangoyang'ana kutsogolo.

Ine m'tchalitchi ndimakhala pa benchi lomaliza, pafupi ndi chitseko. Kwathu kuno limenelo ndi benchi la odulidwa, koma ine sanandidule, sanandilembe n'komwe. Ndimangolikonda chifukwa ulaliki ukatalika munthu umatuluka ngati ukukatsokomola. Lamulungu lotsatira maliro, akulu a mpingo atalowa pa khomo lawo la kutsogolo n'kukhala pa mipando yawo, mpando wa a Luhanga unali wopanda munthu. Iwo analowera khomo la anthu wamba, anaima pa benchi lathu, n'kunena kuti, "Sunthani, a Mbewe." Ndinasuntha. Akulu anatuma munthu kudzawatenga, anakana. Tsiku la mgonero, ife osayenera tikutuluka, anatuluka nafe. Bwalo linawaitana kuwafunsa mlandu wawo, iwo anati mlandu wawo m'malamulo a mpingo mulibe. Kuwadula sakanatha, panalibe chowadulira. Anangowasiya, dzina lili pa akulu, munthu ali kumbuyo.

Patapita milungu ingapo anafika pa benchi langa la malonda dzuwa lili paliwombo, ndipo kwa nthawi yoyamba anakhala pansi, pa kampando kanga koyesera nsapato.

"Munandifunsapo kumene mawu aja anachokera."

Ndinali nditaiwala, koma ndinavomera.

Anati Angerezi anachita kubwereka kwa Afalansa. Ndipo kumeneko poyamba mawuwo sankanena za mowa kapena za akazi ayi. Ankanena za munthu amene wapita pamene mnzake akugwira ntchito, n'kumukoka kapena kumunyengerera kuti aisiye. Anati ophunzira ena amaganiza kuti muzu wake weniweni ndi mtanda wa denga, mtengo wosemedwa, mawu a amisiri a matabwa, ngakhale pamenepo sagwirizana onse. Za mowa ndi zina zija zinabwera pambuyo, chifukwa munthu wochotsedwa pa ntchito yake amayenera kupeza poika manja.

"Ndiye poyamba sankaloza womwa mowayo?" ndinafunsa.

"Ankaloza womuchotsayo."

Ine ndinaganiza za mawotchi awiri aja, n'kuyamba kudziteteza, kuti malonda ndi malonda, munthu wamkulu sukakamiza. Anakweza dzanja.

"Simuli wofunika chotero, a Mbewe."

Kuseri kwa chigayo kunkamveka sowo ya mmisiri uja.

"Zimenezi munazidziwa liti, aSambizgi?"

"Ndili mnyamata, ku sukulu ya uphunzitsi. Ndinakhoza nazo mayeso."

Anadzuka, anakonza jekete, anapita akukankha njinga osaikwera. Mawu a dibochari sindinawamvenso pakamwa pawo. Musaganize kuti anasanduka mngelo. Anali ndi mawu ena achingerezi ondisungira ine, masamba a tiyi anapitiriza kuyanikidwa pawindo, ndipo anyamata odulidwa amene ankakhala nafe kumbuyo ankawadzudzula akalowa malaya osapisira. Koma pa benchi limenelo anakhalapo mpaka tsitsi lonse linatha, buku la nyimbo lili pamwendo, lotseka. Mwamuna chete kumbuyo, mkazi chete kutsogolo, mpingo wonse ukuyimba pakati pawo.

A Luhanga atamwalira mwezi wathawu, abale awo ophunzira anabwera ndi magalimoto kuchokera m'matauni, n'kulamula kuti manda akumbidwe pa mzere wa simenti, pafupi ndi bambo awo ndi agogo awo. Okumba manda anakana. Anati chilimwe chathachi aSambizgi anawatengera kumanda, anawalozera malo ndi ndodo, n'kuwabwerezetsa ngati ana a sukulu kuti asaiwale. Malowo anali kumapeto, m'mbali mwa tchire, kugundana ndi manda a Wongani, pafupi kwambiri moti okumbawo ankaopa kubowolera. Panabuka mkangano, Chingerezi chinalankhulidwa chambiri. Anauthetsa ndi aNyagondwe, amene tsopano amayenda ndi ndodo. Anati, "Kumbani pamene ananena."

Poti munthuyo sanadulidwepo, mpingo unabwera wonse. Abusa angapo, amayi ovala zoyera osawerengeka, makwaya ochokera ku Nchenachena ndi ku Chiweta, ndi kiyibodi yomwe, ya batire latsopano. Kumapeto kwa manda kuja malo ndi ochepa. Anachita kutchetcha tchire, komabe panalibe poima pena koma kuzungulira manda onse awiri. Kwaya inaima mozinga, mulu wa dothi wa Wongani uli pakati pawo, abusa akulalikira ataima kumutu kwake. ANyagondwe sanakhale pamene anawakonzera. Anakhala pansi pambali pa manda a mwana wawo, msana atalozetsa ku dzenje la amuna awo, dzanja lili pa dothi lakale lija. Nyimbo yoyamba itayamba, anatsegula pakamwa. Mawu anali okalamba, onjenjemera, koma anali omwe aja. Anayimba nyimbo zonse mpaka yomaliza. Aliyense anaona amene ankamuyimbira, ndipo palibe mkulu wa mpingo amene akanati lamulo lathyoledwa.

Ngati a Luhanga anachita kukonza dala, sanauze munthu, ndipo ine sindikudziwa ngati ndiwatamande. Sananame, lamulo sanalipinde, mwana wawo nyimbo anazimva. Koma akazi awo anawadikiritsa mpaka kuyendera ndodo, ndipo kuti zitheke panafunika maliro ena. Ine ndimaonabe kuti vesi langa limodzi lija linali lotchipa. Kungoti mkuluyu zotchipa zochokera kwa ine sankazikhulupirira.

Pa benchi lomaliza malo awo akadalipo, pakati pa ine ndi khoma. Thabwa pamenepo ndi losalala kuposa pena ponse. Anyamata odulidwa amapanikizana mbali inayo, mawondo kugundana, koma palibe amene amasunthira pamenepo, ndipo ine amene ndinauzidwa kuti ndisunthe sindinabwererenso. Msika wa fodya watsegulidwa, benchi lathu liyamba kudzaza posachedwa, mwina wina wosadziwa adzakhalapo. Pakadali pano pamangogwa dzuwa lolowera pakhomo. ANyagondwe ayambiranso kuyambitsa nyimbo kumbali ya amayi. Mawu awo amayenda pamwamba pa mitu yonse, amafika kumbuyo kuno, amadutsa pamalo popanda munthu paja, n'kutuluka panja.